NGALAWA YA MADZULO PA DOOKO LA LIVINGSTONE

Kuwerenga: Macitidwe a Atumwi 27, ndi Mateyu 25:1-13.

Mudzi wa Livingstone uli kumwera kweni kweni kwa dziko la Zambia, makilomita 10 kucokera pa mathithi akuru a mtsinje wa Zambezi, amene Makololo anawacha Mosi-oa-Tunya, ndiko kunena kuti utsi wogunda. Tsiku ndi tsiku, dzuwa likapendeka, pa gombe la kumtunda kwa mathithiwo pamakoceza ngalawa zolindira alendo. Zina nzazikuru, za zipinda zosanjikizana, monga zija zochedwa African Queen ndi Lady Livingstone. Zina nzazing'ono, zokwera anthu khumi kapena ocepera apo. Nchito yao ndi imodzi: kukwera mtsinje pang'ono pang'ono pakati pa zisumbu, kuti alendo aone mvuu ndi ng'ona ndi njobvu zakudza kudzamwa, ndipo potsiriza apenye dzuwa likulowa iwo ali pakati pa madzi. Ulendo wonse ndi wa maora awiri kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo ngalawa imabwerera pa dooko pomwe inacokera.

Kale ulendo wotere unali wa Azungu ndi eni cuma okha. Masiku ano ana a sukulu, oyimba a m'mipingo ndi amai a Cigwirizano amene apita ku Livingstone ku misonkhano yao amasonkha ndarama miyezi yambiri kuti naonso akakwereko kamodzi pa moyo wao. Ndipo pa madooko amenewo pamaoneka kawiri kawiri cinthu cacisoni: zingwe zamasulidwa, thabwa lokwerera lacotsedwa, pakati pa ngalawa ndi gombe patseguka madzi a mikono iwiri yokha, ndipo pomwepo atulukira munthu wothamanga, thukuta liri kamukamu, tikiti iri m'dzanja. Ndarama analipira. Dzina lace linalembedwa m'buku. Ngalawa aipenya ndi maso ace, angathe ngakhale kulankhula ndi anzace ali m'katimo. Koma kukwera sakwera.

Munthu wotere amadandaula kuti woyendetsa ngalawa ngwouma mtima, ndipo kudandaula kwace kuli ndi pocokera. Kumudzi zinthu zambiri zimalindira munthu. Basi ya pa msika sicoka isanadzale. Mlandu wa pa bwalo suyamba akuru asanakhale pansi. Maliro alindira mbale wocokera kutali. Ngakhale ku chalichi belu limalira kaciwiri ndi kacitatu cifukwa ca iwo akali m'njira. Mwambo umenewo suli woipa wonse, pakuti muli ulemu m'menemo, ndi kukumbukira kuti munthu aposa koloko. Koma wozolowera kulindiridwa amayamba kuyesa kuti zinthu zonse za pansi pano zimlindira, ndipo apa mpamene ngalawa ya madzulo imamphunzitsa cina.

Pakuti ola la ngalawayo saliika ndi woyendetsa, kapena mwini wace. Aliika ndi dzuwa. Ku Livingstone m'mwezi wa Juni dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, ndipo m'Januwale limafika mpaka ca m'ma 7 koloko. Cifukwa cace nthawi ya cisanu ngalawa zambiri zimacoka ca m'ma 4 koloko, ndipo nthawi ya malimwe ndi dzinja zimacoka 4:30 kapena 5 koloko. M'maiko ano cisisira ncacifupi. Dzuwa litalowa sipapita theka la ola mdima usanagwire. Ndipo mdima wa pa Zambezi suli wosewera nao. Madzulo mvuu zimayamba kuyendayenda kuti zikadye kumtunda. Pansi pa madzi pali miyala. Ndipo kumunsi, pamtunda wa makilomita owerengeka, mtsinje wonse wa mamita 1,700 m'lifupi umagwera m'phompho la mamita 108. Woyendetsa akalindira munthu mmodzi theka la ola, walanda theka la ola kwa anthu makumi asanu amene anafika pa nthawi yace, ndipo alibe kwina kolitenga kuti awabwezere. Dzuwa linaima kamodzi, masiku a Yoswa pa Gibeoni, ndipo silinaimire munthu wocedwa kusamba.

Potero wofuna kukwera ngalawa ya madzulo ayenera kuwerenga maora ace cam'mbuyo, kuyambira pa dooko kubwerera kufikira pa khomo la nyumba yace. Ngati ngalawa icoka 4:30, iye afike 4 koloko. Theka la ola limenelo siliri lotaya: pali kuchula maina, pali msonkho wa nkhalango yosungiramo nyama woti ulipidwe, pali malangizo a zobvala zoyandamitsa munthu m'madzi, pali okalamba oyenda pa thabwa mogwiriziza. Kucokera pakati pa mudzi kufika ku madooko, potsata mseu wa Mosi-oa-Tunya ndi kupatukira mu mseu wa Sichango, galimoto imatha mphindi 15 ngati njira iri yoyera. Koma njirayo imalambalala nkhalango ya Mosi-oa-Tunya, ndipo m'miyezi ya cilala njobvu zimadutsa pamseu popita kumtsinje, makamaka nthawi yomweyo ya kupendeka kwa dzuwa. Njobvu ya mwana ikaima pakati pa mseu palibe woiombera belu. Onse azima injini nalindira. Palinso malole akuru opita ku ulalo wa m'malire a Zimbabwe, umene unatha kumangidwa m'caka ca 1905. Wanzeru aonjezapo theka lina la ola cifukwa ca zimenezi, nacoka m'mudzi itangopitirira 3 koloko. Akafika msanga sataya kanthu. Asankha mpando wa pamthunzi, napenya mbalame za m'bango.

Koma kuwerengako sikuthera pamenepo. Kucokera ku Lusaka kufika ku Livingstone ndi makilomita oposa 450, kudzera ku Kafue, Mazabuka, Monze, Choma, Kalomo ndi Zimba, ndipo basi imatha maora asanu ndi awiri, nthawi zina koposa. Wokwera basi ya 9 koloko m'mawa ku Lusaka wacedwa kale ngalawa ya tsiku limenelo, angakhale iye sadziwa. Adya nthoci pa Mazabuka ali wokondwa, koma mlandu wace unatha kale pa siteshoni. Wocokera ku Chipata kapena ku Katete ali ndi makilomita ena 500 kapena kuposa asanafike ndi ku Lusaka komwe. Kwa iye 4:30 ya Lacisanu pa Zambezi imakonzedwa Lacitatu madzulo kumudzi, pamene amanga katundu, napempha mnansi kuti aziyang'anira mbuzi. Mlimi ali yense adziwa zimenezi m'munda mwace. Cimanga ca m'nkhokwe m'mwezi wa Meyi cinakonzedwa m'Okutobala, pamene mwini munda anagalauza mizere dzuwa likuswa mtengo, kuti mvula yobzalira impeze wokonzeka. Wolima mvula itagwa amabzala anzace akupalira, ndipo mbeu zace zikumana ndi kutha kwa mvula zisanakhwime.

Mtsinje womwewo unasonyeza cinthu cimeneci kwa munthu amene mudziwo uchedwa ndi dzina lace. David Livingstone anafika pa mathithi pa 16 Novembala 1855, atatsika mtsinje ndi anthu a mfumu Sekeletu. Amuna odziwa madzi anampalasa m'bwato laling'ono kufikira pa cisumbu ciri pamlomo peni peni pa phompho, ndipo anasuzumira pansi ali pamenepo. Cinatheka cifukwa Novembala ndiyo nyengo imene madzi a Zambezi ali ocepa. Akadafika m'Epulo, madzi a ku Barotse atasefukira, palibe wopalasa wanzeru akadabvomera kumtengera kumeneko. Cisumbu ndi comweco caka conse, koma khomo lace limatseguka ndi kutsekeka ndi nyengo.

Malembo ali ndi mbiri ya ngalawa imene inataya nyengo yace. M'caputala 27 ca Macitidwe, Paulo ali wandende m'manja mwa kenturiyo Yuliyo, pa ulendo wa ku Roma. Anakwera ngalawa ya ku Alesandriya yonyamula tirigu, ndipo mphepo inawacedwetsa masiku ambiri, kufikira anakoceza pa dooko lina la cisumbu ca Krete, pafupi ndi mudzi wa Laseya. Pamenepo tsiku la kusala kudya la Ayuda, limene limagwa kumapeto kwa Sepitembala kapena m'Okutobala, linali litapita. Amalinyero a masiku aja anali kudziwa kuti kuyambira pakati pa Sepitembala Nyanja Yaikuru iri yoopsya, ndi kuti pofika Novembala ngalawa zimaleka kuyenda kufikira cisanu citatha. Paulo anawacenjeza. Koma dookolo silinali labwino kugonerapo miyezi yacisanu, ndipo kenturiyo anamvera woyendetsa ndi mwini ngalawa, amene anafuna kukankhira patsogolo pang'ono pokha, kufikira ku Foinika, dooko lina la cisumbu comweco. Kamphepo kofatsa ka kumwera kanawanyenga. Cotsatira cace acidziwa owerenga onse: namondwe wa masiku 14, katundu ndi tirigu kutayidwa m'nyanja, ngalawa kusweka pa Melita, ndi anthu 276 kufika pagombe ena posambira, ena pa matabwa.

M'mbiri imeneyi muli cenjezo limene oyenda pa miseu ya masiku ano ayenera kulimva. Nthawi yotayika siibwezedwa ndi liwiro. Wocedwa kudzuka ndiye amakhala kumbuyo kwa woyendetsa galimoto namkakamiza kuti aponde moto, apitirire lole pokhota, asaime pamene mai wa mwana apempha kutsika. Iye afuna kugula ndi miyoyo ya anzace theka la ola limene analigona m'mawa. Pa Melita onse anapulumuka, cifukwa Mulungu anali ndi nchito yoti Paulo akaicite pamaso pa Kaisara. Pa mseu wa ku Livingstone palibe lonjezo lotere kwa munthu wothamangira kukaona mvuu. Ngati nthawi yapita, yapita. Ndi bwino kufika wamoyo ndi kupeza ngalawa itacoka.

Fanizo la anamwali khumi, m'caputala 25 ca Mateyu, likhudza mbali yina ya nkhani yomweyi, ndipo ndi mbali yobisika. Asanu opusa aja sanali adani a mkwati. Anaitanidwa monga anzao, anabvala za ukwati monga anzao, anatenga nyali monga anzao. Ngakhale tulo sanagone okha; onse khumi anaodzera. Cosiyana cinali cimodzi: anzeru anagula mafuta usana, malonda akali otseguka, ndipo opusa anakumbukira mafuta pakati pa usiku, mpfuu italira. Sanatsekeredwe kunja cifukwa ca kukana ukwati, koma cifukwa anacita nchito yoyenera pa ola losayenera. Kugula mafuta si chimo. Momwemonso kufuna ndarama za msonkho si chimo, kubwerera kukatenga juzi cifukwa ca mphepo ya pamtsinje si chimo, kupita ku msika wa Maramba kukagulira ana a kumudzi zinthu si chimo. Koma wocita zimenezo 4 koloko anayenera kuzicita 10 koloko. Anthu ambiri otsala pa dooko sanatsale cifukwa ca zoipa. Anatsala cifukwa ca zabwino zazing'ono zosakonzedwa pa nthawi yace.

Ena amakhumudwa ndi anamwali anzeru aja, nati anali oumira. Koma pa dooko cinthuci cimamveka bwino. Anzace a munthu angathe kumlipirira tikiti, angathe kumsungira mpando, angathe kumuimbira foni kasanu, angathe kugwada pamaso pa woyendetsa ndi kumpempha mphindi zisanu. Cimene sangathe ndico kumkwerera. Mapazi oponda pa thabwa ayenera kukhala ace. Cikhulupiriro ca amai ace a munthu, mapemphero a mkazi wace, dzina la agogo ace amene anali mkuru wa mpingo woyamba m'dera lonse, zonsezi nzamtengo wapatali, ndipo zamsungira mpando zaka zambiri. Koma kulapa sikubwerekedwa.

Wina wodziwa Malembo adzatsutsa, nati: Nanga anchito a m'munda wamphesa aja, m'caputala 20 ca Mateyu, amene analowa nchito pa ola lakhumi ndi limodzi, ndiyo 5 koloko madzulo, nalandira malipiro ofanana ndi a iwo anayamba m'mawa? Nanga wacifwamba wa pa mtanda? Funsolo nlabwino, ndipo siliyenera kukankhidwa pambali. Cifundo ca Mulungu ncacikurudi kuposa ca woyendetsa ngalawa ali yense, ndipo palibe mlaliki ali ndi ulamuliro wotseka khomo limene Mwini akali kulitsegula. Koma wowerenga apenyetsetse anchito aja. Iwo sanaitanidwe m'mawa ndi kuyankha kuti adzabwera madzulo. Anaima pa msika tsiku lonse popanda wowalemba, ndipo ataitanidwa anapita nthawi yomweyo. Wacifwambayo naye anapfuulira kwa Yesu pa ola limene anamzindikira. Onsewa anacedwa kuitanidwa, sanacedwe kuyankha. Munthu amene wamva belu la chalichi kuyambira ubwana wace, nakhala m'kalasi zaka zitatu osatsiriza, nanena caka ndi caka kuti adzakonza za moyo wace akakolola, akakwatira, akamanga nyumba ya malata, akapuma nchito, ameneyo sali wa ola lakhumi ndi limodzi. Iye anaitanidwa mbandakuca. Akuru anati Zengerezu adalinda kwaukwau, ndipo sanali kunena za munthu wosamva kuitana.

Pali malo awiri pamene fanizo la ngalawa liperewera, ndipo ayenera kuchulidwa poyera. Poyamba, ku Livingstone mawa kuli ngalawa yina. Wotsala lero ataya ndarama, pakuti kawiri kawiri sizibwezedwa kwa wosafika, nacita manyazi. Koma ngati thumba lilola, akwera mawa. Anamwali aja analibe ukwati waciwiri. Kaciwiri, ola la ngalawa lalembedwa pa tikiti, ndipo munthu angathe kuliwerengera cam'mbuyo monga taonera ndi maora a Lusaka ndi Chipata. Ola la kuitanidwa kwa munthu kucoka m'dziko lino silinalembedwe pa cikalata ciri conse cimene iye angaciwerenge. Wa ulendo wosadziwika ola lace ali ndi njira imodzi yokha, ndiyo kukhala womanga katundu. Ngongole ya mnansi ibwezedwe sabata lino. Mbale amene sanalankhulane naye ciyambire maliro a atate ao apitidwe mwezi uno, mvula isanatseke mitsinje. Ukwati wongolowana ukonzedwe pamaso pa mpingo onse awiri akali ndi moyo.

Koma pali mbali imodzi imene ngalawa za ku Livingstone zifanizira bwino Uthenga. Eni ngalawa zambiri salindira cabe pa dooko. Amatumiza galimoto kuzungulira nyumba za alendo kukatenga onse olembedwa. Galimotoyo imafika pa cipata, woyendetsa natsika ndi cikalata, nachula maina. Alindira pang'ono. Atumiza mnyamata kukagogoda. Koma sangathe kukhalitsa, pakuti pa zipata zina pali ena omlindira. Wotsala sanganene kuti sanamtsate. Anamtsata kufikira pa khomo la cipinda cace, ndipo anamva dzina lace likuchulidwa pabwalo iye ali ndi sopo kumaso.

Mau otsiriza apite kwa atsogoleri, pakuti paulendo wa gulu mlandu suli wa wocedwa yekha. Mkuru wa mpingo kapena mai wotsogolera Cigwirizano asawerenge nthawi ndi miyendo yace. Awerenge ndi miyendo ya agogo a ndodo, ndi ya mai woyamwitsa amene mwana wace adzafuna kusinthidwa thewera pa mphindi yotsiriza. Anene ola usiku wace, alinenenso m'mawa, alinenenso pa cakudya ca masana, angakhale ena adzang'ung'udza kuti awayesa ana. Adziwe amene ali ndi cizolowezi ca kuzemba, namuikire mnzace womgwira pa mkono. Kudzudzula munthu pa dooko ngalawa itacoka nkosabvuta, ndipo ali yense akhoza. Nchito ya mbusa ndiyo kugogoda pa citseko 2 koloko.

Wowerenga ayerekeze gulu lotere la amai makumi atatu ocokera kum'mawa, obvala zoyera ndi zakuda, ataima pa dooko 4 koloko. Achula maina, napeza 29. Mmodzi anatsika m'mudzi kukafuna nsalu, nalonjeza kuti awapeza. Mtsogoleri aimba foni. Ayankha kuti ali pafupi. Woyendetsa apenya dzuwa, napatsa mphindi zisanu, naonjeza zina zisanu cifukwa ca imvi za wopemphayo. Pamenepo mtsogoleri ayenera kusankha, kapena kutsala ndi mmodzi, kapena kukwera ndi 29 amene anasonkha ndarama zao kuyambira pa masika. Asiya mau kwa mlonda kuti mai wakuti akafika amkhazike pabwino, nakwera wotsiriza, akali kuceuka kumseu.

Mai uja afika ngalawa iri pakati pa mtsinje, nyimbo ya anzace ikumveka pamwamba pa madzi. Mlonda ampatsa mpando. Akhala pamenepo maora awiri ndi nsalu yace pamiyendo, udzudzu ukumzinga. Dzuwa alipenya likulowa kuseri kwa mitengo, ndi kulira kwa mvuu akumva kutali. Mdima utagwira, nyali za ngalawa zioneka zikudza, zingwe ziponyedwa, ndipo anzace atsika akusimba za njobvu zisanu zimene zinaoloka kupita pa cisumbu, kamwana kali pakati. Palibe womdzudzula, mmodzi ampatsa cakudya cimene anamsungira m'kansalu. Ali m'galimoto pobwerera, mtsogoleri aimirira nauza onse kuti basi ya ku Lusaka icoka 6 koloko m'mawa, ndi kuti iye adzayamba kugogoda pa zitseko 4 koloko, kuyambira pa citseko ca mai wa nsalu.